Geni ya pakhomo ndi mtendere wa aneba: zomwe tinakambirana pagulu la anthu okhala mu Mzuzu

Mayi Msiska (Katoto): Abale anzanga, ndithandizeni maganizo. M'nyumba yoyandikana ndi yathu munalowa anthu atsopano, ndipo pano bwalo lonse lasanduka malo owotcherera zitsulo. Mageti, mafelemu a mawindo, mabedi, zonse akupangira pompo. Makina odulira zitsulo amayamba kulira kusanache bwino, pomwe ine ndimagwira ntchito usiku, masana ndiyo nthawi yanga yogona. Akayatsa makina owotcherera mababu athu amaphethira, filiji n'kumazima yokha. Chomwe chikundiwawa kwambiri ndi ana a mumsewu mwathu, amaunjikana pampanda kuonerera moto uja ndi maso osaphimba. Sindikufuna kumuphera munthu geni, koma kodi malamulo amalola zimenezi pakati pa nyumba zogona anthu?

Bambo Phiri (Chibavi): Mayi, pepani ndi tulo tanuto. Koma ndiyankhuleko poti inenso ndimadya za kuwotcherera, ndipo ndimagwirira pakhomo. Mukati tichoke, tipite kuti? Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chitsulo chinakwera, ndodo zowotcherera zinakwera, penti anakwera, koma kasitomala akufunabe geti pamtengo wakale. Ndikawonjezerapo lendi ya shedi m'tauni ndiye kuti anyamata awiri omwe ndimagwira nawo ndiwauze azikhala kunyumba. Palibe amene amakonda kuwotcherera pakhonde pomwe mkazi wake akuphikira nsima. Ndi umphawi.

Mayi Msiska (Katoto): Ndikumva, Bambo Phiri. Koma inenso lendi ndimalipira kuti ndizigona.

Madalitso (Luwinga): Apa pakufunika a Kamanga. Bambo Kamanga, muli pa intaneti kodi?

Bambo Kamanga (Chimaliro): Ndilipo, mwanawe. Ndinagwira ntchito yoyeza malo ndi kujambula mapulani mpaka kupuma, ndiye ndinenepo zomwe ndikudziwa.

Lamulo lalikulu pankhaniyi ndi Physical Planning Act la 2016, lomwe linalowa m'malo mwa Town and Country Planning Act la 1988. Ambirife timaganiza kuti chilolezo chimafunika pomanga pokha. Ayi ndithu. Kusintha ntchito ya malo nakonso kumafuna chilolezo, ngakhale usanaike njerwa ndi imodzi yomwe. Pa mapu a mzinda, malo anagawidwa: awa ndi ogona anthu, awa ndi a malonda, awa ndi a mafakitale monga mbali ina ya Luwinga, awa ndi a sukulu ndi matchalitchi. Puloti ikakhala yogona anthu iwe n'kuisandutsa malo owotcherera, galaja, bala kapena chigayo, wasintha ntchito yake. Umayenera kulembera khonsolo ya mzinda wa Mzuzu, komiti yoona za mapulani iunike, ndipo ikhoza kuvomera, kukana, kapena kuvomera koma n'kukuikira malire. Ukachita wopanda chilolezo, lamulo limapatsa khonsolo mphamvu yokulembera kalata yoti usiye kapena ubwezeretse malo momwe analili.

Ndiye Mayi Msiska, zomwe mwafotokozazo, ngati aneba anuwo alibe chilolezo chosinthira ntchito ya pulotiyo, ali kunja kwa lamulo. Nkhani ya magetsinso njosiyana: makina akuluakulu owotcherera amakoka moto wambiri, ndipo waya wa nyumba wamba sanapangidwire zimenezo. N'chifukwa chake mababu anu akuphethira.

Chikondi (Chiputula): Iii, Bambo Kamanga, mwandiopsatu. Ine ndili ndi kasaluni m'chipinda chimodzi cha kutsogolo. Dilaya imodzi, mipando iwiri, galasi, basi. Ndiye kuti nanenso ndine wophwanya malamulo? Nanga amayi anga aang'ono omwe amakazinga mandasi m'mamawa n'kuika pabenchi pageti?

Bambo Kamanga (Chimaliro): Mtima m'malo, Chikondi. Funso lomwe oona za mapulani amadzifunsa ndi lakuti: kodi nyumbayi ikadali nyumba yogona anthu, kapena yasanduka china? Telala wokhala ndi makina amodzi pakhonde, mayi wa benchi ya tomato ndi mandasi, mnyamata wokonza mafoni patebulo, nyumba zawo sizinasinthe. Usiku kukada ndi pakhomo wamba. Koma pomwe pakubwera magalimoto tsiku lonse, pali antchito, phokoso, utsi, fungo kapena madzi oipa otuluka kupita kwa ena, pamenepo pasintha. Vuto lake, pakati pa benchi ya tomato ndi galaja pali mageni ambirimbiri omwe sudziwa kuti ali mbali iti, ndipo saluni yakoyo ikakula n'kufika madilaya asanu ndi atsikana antchito idzakhala italowa pamenepo.

Komanso usasokoneze ndi layisensi ya bizinesi. Imeneyo ndi pepala lina, la pansi pa Business Licensing Act la 2012, ndipo imalipiridwa chaka ndi chaka. Saluni imafuna layisensi. Kukhala nayo sikutanthauza kuti puloti yasinthidwa ntchito, ndipo anthu ambiri amagwa pomwepa: amaonetsa lisiti ya layisensi n'kumati ndinalipira kale, pomwe akufunsidwa za chinthu china.

Chikondi (Chiputula): Layisensi ndili nayo, ili pakhoma mufelemu. Zikomo, ndapumako.

Mayi Msiska (Katoto): Chikondi, ndifunseko ngati wa zaumoyo. Madzi otsukira tsitsi, a mankhwala owongolera aja, umataya kuti?

Chikondi (Chiputula): Poyamba aliyense kuno amangokhuthulira m'ngalande ya mumsewu. Ine alandilodi anandiuza tsiku lolowa kuti sakufuna zimenezo, ndiye tinakumba dzenje kuseri, tinadzazamo miyala ndi zidutswa za njerwa, pamwamba tinavindikira ndi silabu. Paipi ya sinki imathira mmenemo. Tsitsi lometa ndimaika m'thumba, silipita kudzala la pabwalo chifukwa mphepo imaliulutsira m'mbale za anthu.

Mayi Msiska (Katoto): Wachita bwino kwambiri. Amene tinaona kolera ya 2022 mpaka 2023 ndi maso athu sitiseka ndi madzi oyenda mumsewu. Makamaka ogulitsa zakudya, tchipisi, kanyenya, zitumbuwa, a zaumoyo akabwera kudzaona pophikira ndi chimbudzi musawatenge ngati adani.

Bambo Phiri (Chibavi): Bambo Kamanga, ndi ulemu wonse, mapu mukunenawo anajambulidwa poganizira anthu a ntchito za pamwezi. Munthu adzuke, apite ku ofesi, abwere madzulo adzagone. Kuno ku Chibavi, ku Mchengautuwa, ku Masasa, ndi angati amalandira pakutha pa mwezi? Yendani mumsewu wathu muwerenge: okala, kalipentala, wogulitsa makala, wotchaja mafoni, wosoka nsapato, woumba mabuloko. Mukatsata lamulolo mpaka kumapeto mutseka dera lonse.

Bambo Kamanga (Chimaliro): Apo sindikutsutsani, achimwene. Mzuzu unayamba ngati esiteti ya mitengo ya tung, yomwe njere zake amayengera mafuta, cha m'ma 1947, n'kudzakhala mzinda mu 1985. Kalembera wa 2008 anapeza anthu pafupifupi 134,000, wa 2018 anapeza 221,272. Zaka khumi zokha. Madera ambiri anthu anayamba kumanga, mapulani n'kumabwera pambuyo, ndipo malo ochitira malonda sanakule mofanana ndi anthu. Msika waukulu, Taifa, Zigwagwa, monse ndi modzaza. Ndiye ine maganizo anga, ndipo ndimanena izi kulikonse, ndi akuti malamulo ang'onoang'ono a khonsolo azinena poyera kuti geni yotere ndi yololedwa pakhomo popanda kuvutika, yotere ndi yololedwa koma pa maola akutiakuti, yotere ayi. Lamulo la maboma ang'ono la 1998 limapatsa makhonsolo mphamvu yopanga malamulo oterewa. Munthu akadziwa pomwe pali mzere savutika kuutsata. Koma mzere ukhalepo, chifukwa wosauka yemweyo ndi amene amavutika kwambiri chigayo chikamangidwa pafupi ndi zenera lake. Wolemera amangosamuka.

aNachisale (Zolozolo): Ndalowa mochedwa, ndinali kukhola. Nkhani ya nkhuku palibe waitchula, koma ndikudziwa kuti ena mukuiganizira. Ine ndimaweta mabuloila kuseri kwa nyumba, ndipo ndi amene aphunzitsa ana anga chimwalirireni bambo awo. Ndinene zoona, nkhuku zimanunkha. Amene angakuuzeni kuti zake sizinunkha ndiye kuti mphuno zake zinazolowera. Masabata atatu oyamba palibe vuto, koma zikamayandikira sabata lachisanu ndi chimodzi zimadya kwambiri, zitosi n'kuchuluka, ndiye mvula ya kuno ikagwirizira masiku angapo utuchi umanyowa, fungo lake limalowa mpaka m'zovala za pachingwe.

Chomwe ndimachita, utuchi ndimagula wambiri kwa ocheka matabwa ndipo sindiumira. Ndikaona kuti wayamba kugwirana pansi pa zomwera, ndimaupala tsiku lomwelo n'kuthira wouma. Manyowa sagona pabwalo, ndimalongeza m'matumba, a madimba amabwera ndi njinga kudzagula. Khola ndinalimanga chapakati pa puloti, osati kutsamira mpanda wa aneba, ngakhale kuti linandidyera malo omwe ndinkadzala chimanga. Popha, magazi ndi nthenga zimalowa m'dzenje lakuya n'kukwirira. Mwezi wa Juni ndi Julayi, kuzizira kwa kuno mukukudziwa, anapiye ndimawaothetsa ndi mbaula, ndipo usiku umenewo ndimadzuka kukayendera chifukwa moto ndi utuchi ukangolekerera wawotcha nyumba yako ndi ya mnzako yomwe.

Ndipo gulu lililonse likakhwima, aneba anga a mbali zonse ndimawagulitsa pamtengo wotsikirako. Sikuti ndikuwagula pakamwa, koma akupirira nane.

Madalitso (Luwinga): Amayi, izi ndiye zofunika kuphunzitsa anthu. Kwathu kuno wina anaika khola la nkhumba moyang'anizana ndi khitchini ya eni ake. Ntchentche zake simungadye panja.

aNachisale (Zolozolo): Nkhumba m'tauni ine ayi, mwana wanga. Imeneyo ndi ya kumunda.

NyaGondwe (Katawa): Ine nonse mwatchulawa ndikhoza kukhala nanu. Wowotcherera dzuwa likalowa amaweruka. Nkhuku usiku zimagona. Koma bala! Kumbuyo kwathu nyumba yogona anthu anaigwetsa khoma la pabalaza n'kuika kauntala ndi masipika. Lachisanu mpaka Lamulungu nyimbo zimafika mbandakucha. Mwana wanga akukonzekera mayeso a Fomu 4, amawerenga ataika thonje m'makutu. M'mawa timapeza mabotolo osweka pageti, mpanda wathu unasanduka chimbudzi cha amuna oledzera, ndipo atsikana ang'onoang'ono akumazungulira pamenepo usiku. Ndinapita kwa mwini wake mwaulemu, anandiyankha kuti puloti ndi yake. Ndikulemba izi mtima ukundipweteka.

Bambo Phiri (Chibavi): Apo ngakhale ine sindiikira kumbuyo. Bala pakati pa nyumba ndi chipongwe.

Bambo Kamanga (Chimaliro): Pepani kwambiri, mayi. Mawu akuti puloti ndi yanga alibe mphamvu pamaso pa lamulo. Mowa uli ndi layisensi yakeyake pansi pa lamulo la mowa, yosiyana ndi ya golosale, ndipo imakhala ndi maola otsegulira ndi otsekera. Kusandutsa nyumba kukhala bala kuja nakonso kumafuna chilolezo cha khonsolo. Musapite nokha ndipo musadandaule pakamwa pokha. Lembani kalata, aneba onse okhudzidwa asayine, mulembemo masiku ndi nthawi zomwe phokoso limachitika. Ipite kwa mkulu wa khonsolo, ina kwa khansala wa wodi yanu, ina kwa amfumu a m'dera. Potula, kope yanu aidinde chidindo chosonyeza tsiku lomwe alandira, muisunge. Zikafika pa ndewu kapena ana aang'ono kugulitsidwa mowa, imeneyo ndi nkhani ya apolisi usiku womwewo.

NyaGondwe (Katawa): Aneba ena akuopa kusayina, akuti adzadedwa.

aNachisale (Zolozolo): Yambani ndi azimayi anzanu a ana a sukulu, achemwali. Amenewo sakana. Abambo adzatsatira akaona maina achuluka.

Madalitso (Luwinga): Ndifunse chomwe ena akuopa kufunsa. Nanga matchalitchi a m'nyumba? Pafupi ndi pomwe ndimachita fotokope pali nyumba yomwe amapemphera usiku wonse ndi masipika awiri oloza panja. Ngati tikudandaula za bala, awa tiwasiya chifukwa chiyani?

Bambo Mwale (Area 1B): Madalitso, samala pakamwa. Nyumba ya Mulungu usaiike pamodzi ndi bala.

Madalitso (Luwinga): Sindikunyoza, bambo, nanenso ndimapemphera. Koma khanda la aneba likalephera kugona silidziwa kuti phokosolo ndi la nyimbo yanji.

Mayi Msiska (Katoto): Mwanayu akunena zoona, Bambo Mwale. Odwala amene timawatulutsa m'chipatala kuti akapumule kunyumba amafuna bata. Kupemphera palibe akuletsa, koma sipika iloze mkati ndipo usiku itsike.

Bambo Kamanga (Chimaliro): Pa mapulani, nyumba yogona ikasanduka tchalitchi ndi kusintha ntchito ya malo ndithu, chimodzimodzi sukulu ya mkaka kapena malo ogona alendo. Banja kupemphera ndi anzawo pabalaza ndi nkhani ina.

Bambo Mwale (Area 1B): Chabwino, ndamva, ngakhale mtima wanga sunakhazikike nazo. Ndibwere ku zanga. Ine ndili ndi nyumba za lendi. Wina amalowa bwinobwino ngati banja, pakapita miyezi upeza wakhoma kauntala pazenera, wamanga kashedi kutsogolo, wayamba kugulitsa. Zikavuta, kalata imabwera m'dzina la ndani? Langa. Ndiye a lendi musamatione ngati ankhanza tikamakana.

Chikondi (Chiputula): Koma alandilodi ena mukangoona kuti geni ikuyenda mumakweza lendi mwezi womwewo.

Bambo Mwale (Area 1B): Alipo otero, sindikana. Koma dziwanso kuti saluni imadya madzi ndi magetsi, ndipo ngati mita ndi imodzi ya nyumba zitatu, anzako akulipirira makasitomala ako. A ESCOM ndi a Northern Region Water Board ali ndi mitengo yosiyana ya pakhomo ndi ya malonda. Ine wofuna geni ndimamuuza tilembe pa pepala: geni yanji, chipinda chiti, mita yakeyake, ndipo potuluka abwezeretse khoma momwe analipezera.

Bambo Kamanga (Chimaliro): A Mwale akhudza pofunika. Amene muli ndi lizi, chikalata chobwerekera malo, kaitulutseni m'sutikesi muiwerenge. Zambiri ndi za zaka 99 ndipo zimanena ntchito ya malowo. Ngati inalembedwa kuti ndi yogona anthu, kusintha kumafunanso kuti mwini nthaka avomere, kaya ndi unduna wa za malo, khonsolo, kapena a Malawi Housing Corporation, malinga ndi komwe puloti inachokera. Wa lendi sangachite zimenezi payekha mwini nyumba osadziwa.

Za mashedi a kutsogolo zija ndiwonjezerepo. Mpata wa pakati pa mpanda ndi msewu si wa mwini puloti. Ndi modutsa ngalande, mapaipi a madzi ndi mapolo a magetsi. Okala ikamangidwa pamwamba pa ngalande, zinyalala zimatsekera pansi pake, madzi n'kusefukira kwa amene ali kumunsi. Amene munali kuno mu Epulo 2016 mukukumbukira momwe mvula inagwetsera nyumba m'madera otsetsereka ndi a m'madambo. Mzinda wathu ndi wa zitunda ndi zigwa, madzi ukawatsekera njira amapeza ina.

Madalitso (Luwinga): Kuno pafupi ndi Mzuni, yunivesite ya Mzuzu, vuto lina ndi mahositelo. Nyumba ya banja limodzi aidula tizipinda, alowetsamo ophunzira ochuluka, koma thanki ya chimbudzi ndi yomwe ija yakale. Ikadzaza imatulukira kumsewu.

Mayi Msiska (Katoto): Zimenezo kanene ku ofesi ya zaumoyo ya khonsolo mawa lomwe, usachedwe. Komanso amene amasunga petulo m'zigubu m'nyumba mafuta akasowa, chonde lekani. Mabala a moto wa petulo ndawaona, sindifuna kuwafotokoza pano.

Bambo Phiri (Chibavi): Ndakhala ndikuwerenga zonse. Ine pakhomo sindichoka lero kapena mawa, ndisanamize anthu. Koma zomwe ndingathe ndi izi: kudula zitsulo ndiziyamba 8 koloko, ndizisiya 5 koloko, Lamulungu osagwira. Mbali ya kumsewu nditchinga ndi malata kuti ana asamaone moto. Kupopera penti ndiye kumandivuta, chifukwa mphepo ikatembenuka fungo limapita kwa eni ake, ndipo njira yake sindinaipeze. Mayi Msiska, aneba anuwo mukanayamba mwawauza za maola, mupite ndi amfumu kapena munthu wachikulire. Ife amisiri timamva tikauzidwa ngati anthu. Kalata ya khonsolo ikhale yachiwiri.

Koma pempho langa kwa a khonsolo likhalepo: atipezere malo m'madera mwathu momwemuno, osati kutali, oti owotcherera, akalipentala ndi okonza njinga zamoto tizichita lendi yotsika, pakhale magetsi amphamvu. Ambiri tingasamuke tokha osakankhidwa.

Mayi Msiska (Katoto): Maola amenewo ine masana sindigonabe, Bambo Phiri, koma ndi poyambira. Ndipita ndi amfumu Loweruka. Za ana ndi moto zija ndiye sindigonja, atchinge basi.

NyaGondwe (Katawa): Bambo Kamanga, kalata ija mungandithandize kalembedwe kake? Ndilembe m'Chingerezi kapena m'Chichewa?

Bambo Kamanga (Chimaliro): Chilankhulo chomwe onse osayina achimve, mayi. Ikhale yaifupi, tsamba limodzi, yopanda mawu onyoza. Mutchule nambala ya puloti ngati mukuidziwa, apo ayi fotokozani malowo bwino. Nditumizireni kumbali mukalemba ndiione.

Bambo Mwale (Area 1B): Bwanji zonsezi tizitengere kwa makhansala athu pamodzi, m'malo moti aliyense azidandaula payekha? Tipemphe kuti atiwerengere malamulo a khonsolo omwe alipo pa za geni ya pakhomo, atipatse ndi makope, chifukwa ambirife sitinawaonepo. Tikatero tinene zomwe tikufuna zisinthe.

Bambo Phiri (Chibavi): Ndavomera, koma kumeneko kusapite odandaula okhaokha. Ife a geni tikhalepo, tiyankhule tokha.

Chikondi (Chiputula): Ndi ife a lendi. Misonkhano yambiri amaitana eni mapuloti okha.

Madalitso (Luwinga): Ine ndisindikiza makalata oitanira anthu ulere. Mungondiuza tsiku ndi malo.

aNachisale (Zolozolo): Likhale Loweruka masana, cha m'ma 2 koloko. M'mawa ambirife timakhala tikuperekera katundu kumsika, ndipo a Sabata amakhala asanatuluke. A Mwale, funsani kusukulu ya pulayimale ya kwanuko ngati angatibwereke kalasi imodzi, mutiuze pofika Lachitatu.